Mmene mungafukizire lavenda mphuno zikatsekeka

Abale anga a kuno ku Harare, Juni ndi Julayi akafika chimfine chimagwira nyumba yonse, ku Mbare, ku Highfield, konsekonse anthu akungofwenthera. Anzathu achishona amadalira masamba a chitsamba chotchedwa zumbani, ife kumudzi tinazolowera bulugamu, koma lavenda, kachitsamba kena ka maluwa onunkhira, nayenso amathandizako. Kwawo kwenikweni ndi kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ku Provence ku France amalima minda yonse, koma ngakhale kuno amamera bwino pa dzuwa bola dothi lisamasunge madzi.

Kachitidwe kake nkosavuta. Wiritsani madzi mu ketulo, thirani m'beseni, dikirani kaye mphindi ziwiri kuti nthunzi isakuwotcheni kumaso, kenako ponyanimo maluwa ndi masamba odzaza dzanja limodzi, ouma kapena aawisi zonse zimatheka. Ngati muli ndi mafuta ake a m'kabotolo, madontho awiri kapena atatu basi, musachite kukhuthula ayi fungo lake ndi lamphamvu mutu ungakupwetekeni. Dzifunditseni thaulo, tsinzinani, pumani pang'onopang'ono mphindi 5 mpaka 10. Ine ndimakonda usiku chifukwa kafungo kaja kamandigonetsa tulo tabwino.

Kunena zoona kwambiri ndi nthunzi imene imafewetsa mamina, kachilombo ka chimfine lavenda sapha. Mafutawo osamwa, ndipo ana aang'ono musawayandikize beseni lotentha, angapse. Mukayamba kubanika, kutentha thupi kwambiri, kapena masiku 10 apita osasintha, pitani ku kiliniki.