Kusaka mbiri ya agogo amene anapita ku Wenela: muyambire pati ndipo ku archives mukachite bwanji

Kwathu kunali sutikesi yachitsulo ija ya ku Joni imene agogo aamuna anabwera nayo ulendo wawo womaliza, ndiye atamwalira titaitsegula tinapezamo kapepala kamodzi kofiirira, kali ndi nambala ndi chidindo chofufutika, basi. Agogo aakazi amangoti izo ndi za ku Theba mwana wanga, koma kuti mgodi wake unali uti, anapita chaka chanji, anakhalako makontrakiti angati, panalibe amene amadziwa bwinobwino. Kapepala kameneko ndi kamene kanandiphunzitsa kuti mapepala a anthu athu sanataike onse ayi, ambiri ali m'mabokosi m'ma laibulale a ma yunivesite, kungoti sitidziwa kafunsidwe kake. Ndiye ndati ndikufotokozereni mmene zimayendera, poti ndikudziwa kuti kuyambira ku Mzimba, Ntcheu, Dedza mpaka ku Mulanje ndi mabanja ochepa amene alibe munthu amene anapitako kumigodi, ena anabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena anasanduka matchona mpaka lero sitidziwa manda awo.

Musathamangire intaneti kaye. Yambani pakhonde, ndi akuluakulu amene alipobe, chifukwa ku archives sakakuthandizani mukangoti ndikufuna agogo anga. Funsani dzina limene analembetsa, osati limene mumawatchula pakhomo lokha, poti ambiri amalembetsa dzina la bambo awo kapena la malume, ena amatenga chitupa cha mbale wawo chifukwa msinkhu unali usanakwane, ndipo kalaliki amalemba mmene wamvera khutu lake. Funsani mudzi, nyakwawa ya nthawi imeneyo, T/A ndi boma. Chaka chikavuta musawakakamize manambala, afunseni zochitika, anapita Chitaganya chisanathe mu 1963 kapena ufulu wa 1964 utabwera kale, ndalama amatumiza ikadali mapaundi kapena kwacha itayamba mu 1971, ngozi ya ndege ya Wenela ya mu 1974 inawapeza ali kuno kapena ali komweko. Ndipo funso lalikulu kuposa onse ndi ili: anapita pa Wenela, pa Mthandizi, kapena pa selufu? Izi sizofanana ngakhale pang'ono. Wenela imatengera anthu kumigodi ya ku South Africa, Mthandizi imatengera anthu ku Southern Rhodesia makamaka kumafamu, pomwe wa selufu amangonyamuka yekha, wapansi kapena pa lole, ndiye dzina lake simungalipeze m'mabuku a olemba anthu ntchito. Mukasokoneza apa mukataya miyezi mukusaka bokosi lolakwika. Pemphani chilolezo muwajambule mau pa foni akamafotokoza, mudzandithokoza, mawu a agogo aakazi amene ndinajambula ine ndi okhawo amene tatsala nawo.

Kenako dziwani mbiri yake pang'ono kuti mudziwe zaka zofunsa. Wenela ndi katchulidwe kathu ka WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene eni migodi ya golide anakhazikitsa kumayambiriro kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900 kuti lizikatenga antchito kunja kwa South Africa, ndipo mu 1912 anakhazikitsanso lina, Native Recruiting Corporation, lotenga anthu mkati mwa dzikolo ndi maiko oyandikana nalo ngati Lesotho. Mu 1913 boma la kumeneko linaletsa kutenga anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa pa mapu wa madigiri 22 kum'mwera kwa equator, ife tili momwemo, chifukwa amafa kwambiri ndi chibayo, ndipo khomo linatsegulidwanso m'zaka za m'ma 1930. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi kumigodi anali opitirira 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown ku Botswana, inapha anthu opitirira 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene amabwerera kwawo atamaliza kontrakiti, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Zinayambanso mu 1977, chaka chomwecho bungweli linatenga dzina latsopano la TEBA, The Employment Bureau of Africa, mpake agogo ena amati Wenela ena amati Theba koma ndi njira imodzi yomweyo, ndipo zinathera mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV. Depoti ya mabasi ija ya Wenela ku Blantyre dzina lake linachokera komweko, timadutsapo daily osaganizako.

Tsopano mapepala akale a mabungwe amenewa, a WNLA ndi a NRC, amasungidwa ku University of Johannesburg, ku Special Collections ya laibulale yawo pa kampasi ya Doornfontein, amawatchula kuti TEBA Collection. Apa ndikuuzeni chilungamo kuti mtima usadzasweke: zambiri zimene zili mmenemo ndi mafayilo a ofesi, makalata a pakati pa mabwana, ma circular, malipoti ndi zithunzi, si kaundula woti mungotsegula tsamba n'kupeza dzina la agogo ayi. Chimene mukapezeko ndi dziko limene agogowo amakhalamo, mmene amayezera anthu asanawatenge, mmene amayendera, nkhani ya ndalama ija imene amaigwira kuti munthu akalandirire kuno kumudzi, mapangano ndi boma la Nyasaland. Ine dzina la agogo anga sindinalione pa pepala lililonse kumeneko, koma ndinatulukamo ndikumvetsa chifukwa chake amakhosomola chonchija ndi chifukwa chake sankakonda kukamba za pansi pa mgodi. Ngati chimene mukufuna ndi umboni wa zaka zimene munthu anagwira, record of service, imeneyo mufunse ku kampani ya TEBA yeniyeniyo imene ilipobe, ndipo apa ndi pamene kanambala kaja ka m'sutikesi kamagwira ntchito. Amene mukutsata za chipukuta misozi cha matenda a m'mapapo, silicosis ndi TB, zimenezo zimayendetsedwa ndi Tshiamiso Trust ndipo zimakhudza amene anagwira m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, kupereka dandaulo ndi kwaulere, ndiye wina akabwera kumudzi n'kumati perekani kangachepe tikutsegulireni fayilo, musampatse, ndipo pepala lenilenilo lisachoke m'manja mwanu, perekani fotokope.

Chinthu chimene chimagwetsa ambiri pa catalogue, ndiye mndandanda wosakirapo mafayilo a ku archives, ndi maina. Mukalemba Malawi pa fayilo ya 1950 simupeza kanthu, lembani Nyasaland, ndipo ngati ndi zakale kwambiri isanakwane 1907 lembani British Central Africa. Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, Nkhotakota amalemba Kota Kota, Thyolo amalemba Cholo, Mulanje amalemba Mlanje, Ntcheu amalemba Ncheu, ndipo abale athu a ku Chipata musake Fort Jameson. Anthu athu m'mapepala a kumigodi amawatchula kuti tropicals kapena Nyasas, mawu osakoma kuwawerenga koma ndi amene amatsegula mafayilo. Dzina la munthu yesani malembedwe atatu kapena anayi, lokhala ndi h ndi lopanda h, lokhala ndi l ndi lokhala ndi r, chifukwa Phiri amatha kukhala Piri, Nkhoma kukhala Nkoma, zonsezo ndi za munthu mmodzi. Fayilo iliyonse imene yakukokani lembani reference number yake ndendende mmene ilili, ndi imene amakatengera bokosi kumashelefu, mutu wa fayilo wokha sukwanira.

Musananyamuke lembani imelo kwa archivist, ndiye woyang'anira mapepala akalewo. Ikhale yaifupi, m'Chingerezi chosavuta: ndinu ndani, mukufufuza chani, zaka ziti, boma liti, ma reference number ngati mwawapeza, ndi masiku amene mukuganiza zobwera. Simukuyenera kukhala pulofesa kapena wophunzira wa pa yunivesite yomweyo, nenani zoona kuti ndi mbiri ya banja, anthu amenewa ntchito yawo ndi yomweyo ndipo nthawi zambiri amadziwa mabokosi amene catalogue sikuonetsa bwino. Afunseni ngati pali finding aid, ndiye mndandanda wa zimene zili m'mabokosi, ena amakutumizirani pa imelo pomwepo. Afunseninso chimene mukaonetse pageti, ID kapena pasipoti, ngati amalola kujambula ndi foni, ndi ngati angakupangireni scan mafayilo ochepa ngati simungathe kubwera, poti ena amatero pa kamtengo kena. Ine malo ena ake ndinangofika osapangana nawo, ndinapeza kuti mabokosi amayenera kuitanitsidwa dzulo lake, tsiku lonse linapita ndi ndalama ya thiransipoti yomwe, ndiye chonde panganani tsiku, ndipo yankho likachedwa sabata ziwiri kumbutsani mwaulemu.

Mukalowa m'chipinda chowerengeramo malamulo ake amafanana pafupifupi kulikonse. Chikwama chimatsala mu loka, chakudya ndi madzi sizilowa, bolopeni ayi, pensulo yokha. Sambani m'manja muumitse, osadzola mafuta, ndipo chizolowezi chija chonyowetsa chala ndi malovu potsegula tsamba chisiyeni panja. Tsegulani fayilo imodzi pa nthawi, mapepala muwasiye mu dongosolo limene mwawapeza ngakhale akuoneka ngati asokonekera, chifukwa dongosolo limenelo palokha limauza amene akudziwa kuti kalata iyi imayankha iti. Mapepala ambiri a nthawi imeneyo ndi ma carbon copy opyapyala ngati khungu la anyezi, mukakoka mwamphamvu ang'ambika, mukapeza pini yadzimbiri itanani wa pa desiki osachotsa nokha. Akakulolani kujambula, yambani ndi chikuto cha fayilo pamene pali nambala, kenako masamba ake, mukatha jambulani chikuto cha fayilo yotsatira, mukapanda kutero mudzafika kunyumba ndi zithunzi 400 zosadziwika kuti ichi chachokera bokosi liti. Tengani power bank. Mafayilo ena amakhala otseka chifukwa muli za matenda kapena zachinsinsi za anthu, akakana musakwiye nawo, ganizani kuti mwina muli za agogo a munthu wina.

Powerenga kumbukirani amene analemba. Mapepalawa analemba ndi mabwana, kulembera mabwana anzawo, ndiye munthu akathawa chifukwa cha nkhanza iwo amalemba kuti deserter, anthu akakana kulowa pansi iwo amalemba kuti disturbance, imfa imangokhala nambala pa tebulo la mwezi umenewo. Ine ndimaika pepala mbali iyi, mawu a agogo mbali inayo, pamene zikugwirizana ndimadziwa kuti ndaponda polimba, pamene zikusiyana ndimalemba zonse ziwiri osafufuta za agogo chifukwa choti zinazo ndi zotaipa pa makina. Zimapweteka nthawi zina, ndinatulukapo panja kukapuma kaye nditawerenga mmene amakambira za matupi a anthu athu ngati akuyeza ng'ombe.

Ngati Johannesburg ili kutali ndi thumba lanu, Zomba ilipo. Laibulale ya University of Malawi, imene ambirife timaitchulabe Chanco, ili ndi gawo la Malawiana, la mabuku ndi mapepala okhudza dziko lino, ndipo ophunzira a History kumeneko akhala akulemba mapepala a kafukufuku kuchokera m'midzi kwa zaka zambiri, funsani ngati alipo okhudza boma lanu ndi ulendo wa kumigodi. National Archives of Malawi ilinso mu Zomba momwemo, si ya yunivesite koma ndi kumene kuli malipoti a ma DC ndi a Labour, kungoti zambiri za isanafike 1919 zinapsa ndi moto umene unagwira Secretariat, ofesi yaikulu ya boma la atsamunda, chaka chimenecho. Amene mumakonda zomvera, International Library of African Music ya ku Rhodes University ku Makhanda imasunga nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula, kuphatikizapo za ku Nyasaland za m'zaka za m'ma 1950, ndipo m'nyimbo za nthawi imeneyo nkhani ya amuna opita kutali osabwerako simasowa. Amene muli ku UK ndipo nkhani yanu ndi ya mishoni kapena ya Chilembwe, University of Edinburgh imasunga mapepala a George Shepperson, katswiri wa mbiri amene analemba za Chilembwe, ndipo a UMCA, mishoni ya Anglican ija ya ku Likoma, ali ku Bodleian ku Oxford.

Mukabwerako tsiku lomwelo koperani zithunzi zonse pa kompyuta kapena pa flash, tumizaninso kwa mbale wina, foda iliyonse muipatse dzina la reference number yake, foni imabedwa kapena kugwa m'madzi. Kapepala ka m'sutikesi kaja musakapange laminate, kutentha ndi pulasitiki kumaononga inki ndipo sikubwereranso, musamatenso selotepu pong'ambika. Kajambuleni mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa masana, kaikeni mosapinda mu envelopu yapepala, kumbuyo kwa envelopuyo lembani ndi pensulo dzina la mwini wake, mudzi, ndi chaka chimene akuluakulu akuuzani, ndipo muisunge pamwamba pouma pamene chiswe ndi denga lodontha sizingafike.