Mmene ndinapezera masiku anga otengera pakati

Ine ndi bambo akunyumba tinatha miyezi 8 tikufuna mwana, koma msambo unkangobwerabe. Apongozi nawo anali atayamba kufunsa mozungulira.

Ndinkadalira pulogalamu ya pa foni yomwe inkati dzira limatuluka tsiku la 14 kuwerengera kuchokera tsiku loyamba la msambo. Ndinagulanso zitsamba kumsika wa Mpondabwino kuno ku Zomba, ndalama zinangolowa m'madzi.

Namwino wina ndiye anandifunsa kuti kuchokera tsiku loyamba la msambo kufika msambo wina pamadutsa masiku angati. Anga ndi 33. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, ndiye langa linali cha pa tsiku la 19. Pofika tsikulo bambo ankakhala atabwerera kale kuntchito ku Liwonde!

Ndinagula kope ndi cholembera basi. Tsiku lililonse ndikasamba m'manja ndinkaona chikazi n'kulemba. Msambo ukangotha kumakhala kouma, kenako chikazi chimabwera chomata, choyera ngati phala. Chofunika ndi chija choonekera, choterera, chotamuka pakati pa zala ngati madzi a dzira laliwisi. Chikangoyamba, khalirani limodzi ndi bambo, musadikire kuti chichuluke. Umuna umatha kukhala moyo m'chikazi chotere mpaka masiku 5, pomwe dzira silipitirira tsiku limodzi. Komanso musamaone chikazi mutangokhalira limodzi, umuna umasokoneza.

Ndinalemba miyezi iwiri, kenako bambo anasintha masiku obwerera kuno ku Zomba. Mwezi wachinayi kachipangizo koyezera mkodzo kanaonetsa mizere iwiri, kusonyeza kuti ndili ndi pakati.