Phazi lizitera pansi pa thupi, osati kutsogolo

Othamanga ambiri amakangana ngati phazi liyenera kuyamba kugunda pansi ndi chidendene kapena ndi zala. Nkhani yaikulu sili pamenepo. Chofunika ndi malo amene phazi likutera poyerekeza ndi chiuno. Mukaponya mwendo kutsogolo kwambiri, bondo litawongoka, chidendene chimagwira ntchito ya buleki: liwiro limaduka, ndipo mphamvu ya kugundako imakwera ndi msongolo mpaka m'bondo. Pa sitepe iliyonse mwendo umalandira mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu, ndiye kaponderedwe kolakwika sikachedwa kubala ululu.

Yambani ndi kuwerenga masitepe. Mukuthamanga liwiro lanu la masiku onse, werengani kuti phazi lamanja lagunda pansi kangati m'masekondi 30, kenaka muchulukitse ndi 4. Mphunzitsi wa othamanga Jack Daniels atawerenga chonchi pa Olimpiki ya 1984 ku Los Angeles, anapeza kuti akatswiri ambiri amafika masitepe 180 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Komatu amenewo anali pa mpikisano, musalimbane ndi nambala imeneyo lero lomwe. Ngati mwapeza 160, yesani 168 kwa milungu iwiri kapena itatu. Liwiro likhale lomwelo, masitepe okha ndiwo afupike. Mukatero phazi limabwerera lokha pansi pa chiuno, bondo litapindika pang'ono. Khutu nalonso likuthandizeni: mukamamveka kuti phwa phwa phwa pa tala, mukuponda molemera.

Thupi liweramire kutsogolo pang'ono kuchokera mu akakolo, osati kupindika m'chiuno ngati wolima. Maso aziona patsogolo, mapewa akhale omasuka. Zigongono zipindike ngati kona ya nyumba, ndipo manja aziyenda kutsogolo ndi kumbuyo osadutsa pakati pa chifuwa, chifukwa akamapingasa thupi limapotokola n'kumataya mphamvu pachabe.

Nanga chidendene? Othamanga mtunda wautali ambiri amayamba kugunda ndi chidendene, ndipo si mlandu ngati phazi latera pafupi ndi thupi. N'zoona kuti Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathoni (mpikisano wothamanga makilomita 42) ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, komanso ozolowera kuthamanga opanda nsapato nthawi zambiri amaponda ndi kutsogolo kwa phazi. Koma mapazi oterowo anakhwima nazo kwa zaka. Kuponda ndi kutsogolo kumapepukitsa bondo, katundu wambiri n'kusamukira ku akatumba a kuseri kwa msongolo ndi mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene. Mukasintha mwadzidzidzi, mtsemphawo umatupa, ndipo timafupa ta m'phazi titha kung'aluka. Ngati palibe chikukupwetekani, musasinthe. Ngati bondo likuvuta ndipo mukufuna kuyesa, yambani ndi mphindi 5 zokha pa ulendo uliwonse, komanso muzilimbitsa akatumba: imirirani ndi zala pa mwendo umodzi, kwerani n'kutsika pang'onopang'ono maulendo 15, mubwereze katatu.

Pa mtsetse ndi pamene ambiri amadzivulaza, chifukwa mwendo umafuna kutalika wokha. Fupikitsani masitepe, muwachulukitse, ndipo musagonere chambuyo. M'mbali mwa msewu wa tala mumakhala mopendekera kuti madzi azitsika, choncho mwendo umodzi umaponda mmunsi kuposa unzake ulendo wonse. Mukapeza njira yafumbi yosalala, sinthanitsani.

Nsapato zambiri zothamangira zimafooka zikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndipo ya pa kaunjika mwina inadutsa kale pamenepo. Musanagule, iikeni pamalo osalala muione chakumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi, isiyeni. Mtunda wa pa mlungu musawonjezere kuposa gawo limodzi mwa magawo 10. Ululu wa malo amodzi pa fupa la msongolo, woti mutha kuuloza ndi chala ndipo ukukula mukamathamanga, usakakamizidwe: lekani kuthamanga, mukaonane ndi adokotala.