Kutsatira malipiro ndi maariyazi: zoyenera kuchita mphunzitsi wa pulayimale

Malipiro a mphunzitsi amadutsa m'manja ambiri asanalowe ku banki. Amayambira kwa ahedi, kupita kwa a PEA (mlangizi wa maphunziro a pulayimale) ku zoni, kufika ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, imene ambiri timaitchabe kuti kwa DEM, kenako ku Capital Hill kumene kuli DHRMD (nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma) ndi ofesi ya Accountant General (mkulu wowerengera ndalama za boma). Paliponse pamenepa pepala likhoza kugona miyezi, ndipo amene amathandizidwa msanga ndi amene wabwera ndi mapepala okwanira.

Choncho yambani ndi fayilo. Muikemo kalata yolembedwera ntchito, kalata yokutumizani pa sukulu, kalata yoti munafika ndi kuyamba ntchito yosainidwa ndi ahedi komanso yodindidwa chidindo, setifiketi ya ku TTC (koleji ya uphunzitsi), fotokope ya chiphaso cha unzika, kalata iliyonse yokwezedwa giredi, ndi mapeyisilipi onse. Kalata yoyambira ntchito ija muisamale ngati dzira, pakuti tsiku lolembedwa m'menemo ndi limene amayambira kuwerenga ndalama zanu. Mapepala enieni musawasiye ku ofesi. Perekani mafotokope, ndipo muwajambulenso pa foni.

Peyisilipi muziiwerenga mwezi ndi mwezi, osangodalira uthenga wa ku banki, chifukwa uthengawo umangosonyeza zotsala. Onani dzina ndi nambala yanu ya ntchito, giredi, malipiro asanadulidwe, alawansi, kenako zodulidwa. Mphunzitsi woyamba kumene amakhala pa giredi L, imene kale inkatchedwa PT4, ndipo akakwezedwa amapita pa K. Ngati kalata ikuti K koma peyisilipi ikuti L, ndiye kuti kukwezedwako sikunalowe m'kompyuta, ndipo mwezi uliwonse boma likutsala ndi ndalama zanu. Dzina likasiyana ngakhale lemba limodzi pakati pa chiphaso, banki ndi peyirolo, konzetsani lero. Zoterezi ndi zimene zimachotsetsa anthu enieni pa mndandanda pamene boma likusaka antchito a mizukwa, maina olandira malipiro koma munthu wake palibe.

Pa zodulidwa pali msonkho wa PAYE umene umapita ku MRA, ndipo malire a ndalama zosadulidwa msonkho amasintha ndi bajeti. Amene ali pa penshoni yosonkha amadulidwa 5 pa 100, pamene lamulo limafuna wolemba ntchito aike zosachepera 10 pa 100. Palinso ya umembala wa TUM, bungwe la aphunzitsi, ndi ngongole za ku SACCO kapena ku makampani obwereketsa ndalama. Apa mpofunika maso: ngongole yoti inatha ikhoza kupitiriza kudulidwa ngati obwereketsa sanatumize uthenga woimitsa. Mukamaliza kubweza, tengani kalata yotsimikiza kuti mulibenso ngongole.

Maariyazi, kutanthauza ndalama zotsalira zomwe simunalipidwe pa nthawi yake, muwerengetse nokha musanapite kukadandaula. Tiyerekeze kuti kusiyana kwa giredi yakale ndi yatsopano ndi K40,000 pa mwezi ndipo padutsa miyezi 9. Zikukwana K360,000 msonkho usanadulidwe. Ngati m'kati mwa miyeziyo boma linakweza malipiro, gawani nthawiyo pawiri, chigawo chilichonse ndi kusiyana kwake. Kumbukirani kuti chaka cha chuma cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, osati Julaye ngati kale. Ndalamazo zikabwera pamodzi zimadulidwa msonkho, ndiye musadabwe zikachepa pa zomwe munawerengetsa.

Dandaulo likhale lolemba. Kalata ipite kwa mkulu wa maphunziro wa pa boma kudzera mwa ahedi ndi a PEA, aliyense asaine ndi kudinda. Mulembemo nambala ya ntchito, giredi, sukulu, miyezi yomwe simunalandire ndi ndalama zake, tsamba limodzi basi. Konzani makope atatu, ndipo wolandira ku ofesi adinde kope lanu ndi tsiku. Mawu akuti "tikuonerani" alibe tsiku, ndipo amene anakuuzaniyo akasamutsidwa nkhani imayambiranso pachiyambi. Mukasamukira boma lina, onetsetsani kuti dzina lanu lasamukanso pa peyirolo, makamaka ngati mukupita ku sukulu yoyenera alawansi ya kumudzi. Chimodzimodzi leave grant, ndalama ya tchuthi, imene imabwera kamodzi pa chaka: mukaphonyedwa, lembani msanga anzanu akangolandira.

Kuchedwa kumeneku si kusewera, popeza kwacha simadikira munthu. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 pa 100, ndiye ariyazi yogona zaka ziwiri imafika itafooka. Pakadutsa miyezi itatu popanda yankho, lembani kalata yokumbutsa yotchula tsiku la yoyamba ija, ndipo mupereke kope kwa oimira TUM a m'boma lanu. Zikakanikabe, tengani fayilo yonse mupite nayo ku ofesi ya Ombudsman, imene imalandira madandaulo otere kwaulere.