Yang'anitsitsani kadontho ndi tsiku musanalipire

Mukamakaoda katundu ku Tete, musathamangire kuwerenga risiti. Ku Mozambique akalemba 1.500,00 MT, ndi mametikali 1,500: kadontho kamagawa zikwi, mpatuliro ndiye umadula masentavo. Kwathu timalemba motembenuza, K1,500.00. Ku Joni ena amangosiya mpata, R1 500,00.

Koma chimene chimapweteka kwambiri ndi masiku. Kalata ya sukulu yochokera ku America ikati tsiku lomaliza ndi 03/04/2025, akunena pa 4 Malichi, poti iwo amayamba ndi mwezi. Ife ndi a ku Britain tiwerenga 3 Epulo, n'kupezeka tachedwa pafupifupi mwezi wathunthu, mwayi wa sukulu utapita kale. Ine fomu iliyonse yopita kunja ndimalemba mweziwo m'mawu, manambala ndimasiyira tsiku ndi chaka basi.