Mmene mungagwiritsire ntchito ganizo la Maslow wantchito akafooka

Mu 1943 Abraham Maslow, katswiri wa za maganizo a anthu, anaika zosowa za munthu m'magulu 5 otsatana, kuyambira pansi kukwera m'mwamba: za thupi, chitetezo, kukondedwa, ulemu, ndi kufika pachimake pa luso lake. Wantchito akagwa ulesi, yambirani pansi, pa zosowa za thupi ndi chitetezo. Malipiro akubwera pa tsiku lake? Masana amadya? Kontirakiti yake ikutha liti? Munthu amene mutu uli pa lendi ya mawa satekeseka ndi satifiketi ya wantchito wabwino wa mwezi. Apa ganizoli limathandiza zedi, chifukwa limakuletsani kuthamangira mawu olimbikitsa pamene vuto lili m'mimba.

Koma musalitenge ngati makwerero. Akatswiri Wahba ndi Bridwell, ataunika kafukufuku wambiri mu 1976, anapeza umboni wochepa woti zosowa zimatsatana chonchi. Mu 2011 akatswiri ena, Tay ndi Diener, anaona m'mayiko 123 kuti anthu amasangalala ndi ulemu ndi ubale ngakhale chakudya chikuperewera. Mayi amagona ndi njala kuti mwana apeze fizi, ndipo piramidi yotchuka yoonetsa magulu asanuwa, yomwe Maslow sanajambule n'komwe, siyifotokoza zimenezi.

Choncho musangoganiza nokha zimene wantchitoyo akusowa. Khalani naye pa awiri mumufunse, kenako konzani ziwiri nthawi imodzi: malipiro pa nthawi yake, ndi kumuyamikira pamaso pa anzake.