Nkhunzi ya agogo isakhalitse m'khola

Ku Chigwa cha Shire, makamaka ku Ngabu ndi madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, makola ambiri ndi osiyirana. Agogo adayamba ndi misoti yochepa ya ng'ombe zachikuda, ana adabweretsamo nkhunzi za mtundu wa Brahman, lero adzukulu ndiwo akuweta. Mwini khola amatha kunena kuti ng'ombe iyi idabwera ndi ukwati wa uje, iyo idapulumuka madzi osefukira a 2015. Koma mukafunsa kuti thole ili bambo wake ndani, ambiri amangoloza nkhunzi imodzi yomwe yakhala m'kholamo zaka 6 kapena 7.

Vuto lagona pamenepo. Msoti umayamba kufuna nkhunzi uli ndi zaka 2 kapena 3. Nkhunzi ikapitirira zaka 3 m'khola limodzi, imayamba kukwera ana ake omwe. Mathole obadwa pachibale chotere amakhala onyentchera, amakula mochedwa, amafa msanga, ndipo zazikazi zimachedwa kutenga bere. Eni ake amadandaula msipu, pamene cholakwa ndi magazi.

Sinthani nkhunzi isanathe zaka 3 m'khola limodzi. Musinthane ndi khola lakutali, osati la achimwene omwe ng'ombe zawo zidachokera kwa agogo omwewo. Nkhunzi imodzi yokhwima imakwanira zazikazi 25 mpaka 30. Musanaisunthe, katengeni chilolezo kwa alangizi a ziweto, chifukwa kuno matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri, ndipo njati za ku Lengwe zimasunga kachilombo kake. Ikafika, ikhale payokha masabata 3 kapena 4 ndipo muiphere nkhupakupa.

Kusintha kokha sikuthandiza ngati tinkhunzi tobadwira m'kholamo tikungoyenda ndi alongo awo. Tifuleni tisanakwane miyezi 6. Pofula ndi Burdizzo, chopanira chofulira ziweto, kanikizani mtsempha umodzi wa machende pa nthawi, kwa masekondi pafupifupi 10. Mbali inayo mukanikize chapansi pang'ono kuti zipsera ziwirizo zisakumane pakati. Zikakumana, magazi sayenda ndipo thumba lonse limawola. Pakatha masabata 6 onaninso: ngati mbali ina sinafote, ntchitoyo ibwerezedwe.

Ndiye pakufunikanso kope lolembamo mbiri ya ng'ombe. La sukulu lomweli ndi lokwanira. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake: dzina kapena nambala ya pakhutu, mayi wake, bambo wake, tsiku lobadwa, tsiku lomwe idakweredwa. Bere limatenga miyezi 9 ndi masiku ochepa, ndipo yomwe sinatenge imafunanso nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21, choncho abusa azikuuzani madzulo aliwonse zomwe aona kudambo. Yaikazi yomwe yadumpha zaka 2 osabereka igulitsidwe, ngakhale ikhale ya dzina la agogo. Kopelo lisungeni m'pepala la pulasitiki pamalo okwera, poti kuno madzi akabwera salowa m'khola mokha.